Shuga wapita kuti? Mbiri ya atomu ndi m'mene timaiphunzitsira ana

Lero nkhani ndi yayitaliko, pezani pokhala.

Chaka china ndikuphunzitsa 5ª classe, ndinalemba pa bolodi mawu amene ambiri a ife tinaloweza tili ana: Matéria é tudo o que tem massa e ocupa lugar no espaço. Ana anabwereza katatu mokweza ngati kwaya. Kenako ndinapempha kuti wina andipatse chitsanzo cha matéria. Mnyamata wina anakweza kope lake m'mwamba, nati: "Iyi, aphunzitsi, imene munatipatsa dzulo." Anzake sanaseke, chifukwa onse ankaganiza chimodzimodzi. Kusukulu matéria ndi zija mphunzitsi amalemba pa bolodi kuti zidzabwere pa mayeso. Mwanayo sanalakwe. Wolakwa ndinali ine, amene ndinawapatsa dzina la chinthu asanachigwire chinthucho.

M'mawa mwake ndinabwera ndi kapu ya madzi ndi shuga wa supuni ziwiri. Ndinatakasa mpaka shuga yense anasowa, ndipo ndinafunsa kuti wapita kuti. Wina anati watha. Wina anati wasanduka madzi. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sankakonda kuyankhula, anati: "Alipo, lawani." Nditamufunsa chifukwa chake sitikumuona, anaganiza kaye, n'kuyankha kuti wagawikana tizidutswa tating'ono kwambiri toti maso sangatione.

Yankho la mtsikanayo linandipangitsa kubwerera m'mabuku kuti ndione kuti anthu anafika bwanji pa ganizo limeneli. Zimene ndinapeza zinasintha kaphunzitsidwe kanga, n'chifukwa chake ndikufuna tikambirane.

Zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, m'tauni ya Abdera kudziko la Agiriki munali munthu wina dzina lake Demócrito, wophunzira wa Leucipo. Funso lawo linali ngati la mayi amene ali pa mtondo. Mukakonola chimanga mumapeza mphale, mukasinja mphale mumapeza ufa. Nanga mutakhala ndi mtondo wosatha mphamvu n'kupitiriza kusinja ufawo, mudzafika pamene kanthu sikangaswekenso, kapena kusinjako kulibe malire? Iwo anati malire alipo. Kanthu kotsirizako anakatcha átomos, mawu a Chigiriki otanthauza chosaduleka. Anati zonse zimene timaona ndi tinthu timeneti tikuyendayenda m'malo opanda kanthu, tikulumikizana ndi kulekana.

Anthu ambiri sanawamvere. Ganizo limene linapambana ndi la Empédocles, lija Aristóteles analikuza, loti zinthu zonse zinapangidwa ndi zinthu zinayi: nthaka, madzi, mpweya ndi moto. Tisawaseke msanga. Ikani nkhuni yaiwisi pamoto muone: kunsonga kumatuluka madzi, utsi umakwera, malawi amayaka, phulusa limatsala. Zonse zinayi zikuoneka ndi maso, pamene atomu palibe anaiona. Demócrito analibe umboni, anali ndi maganizo okha. N'chifukwa chake chiphunzitso cha Aristóteles chinalamulira masukulu a ku Ulaya pafupifupi zaka 2000.

Nthawi yonseyi anthu sankadikira anzeru a m'mabuku kuti agwire ntchito ndi zinthu. Kuno kwathu makolo anayamba kusungunula chitsulo zaka zoposa 1000 zapitazo. Ankakumba miyala yokhala ndi chitsulo, kuisanjika ndi makala m'ng'anjo ya dothi, n'kuyatsa moto waukali mpaka chitsulo chisiyane ndi zinyalala zake. Osula ankapanga makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Lero tikudziwa chimene chinkachitika m'ng'anjomo: m'mwala muja chitsulo chimakhala chomangika ndi oxigénio, ndipo mpweya wochokera ku makala oyaka umachotsa oxigénioyo n'kusiya chitsulo. Osungunula aja analibe mawu akuti elemento, koma ankatulutsa elemento m'mwala ndi manja awo.

Chimene chinasintha nkhaniyi ku Ulaya ndi sikelo. Dokotala wina wa ku Brussels, Jan Baptist van Helmont, anadzala mtengo wa msondodzi wolemera pafupifupi makilogalamu 2 m'chiphika chokhala ndi dothi louma lokwana pafupifupi makilogalamu 90. Anauthirira madzi okha kwa zaka 5. Atauyeza, mtengo unali utaposa makilogalamu 75, koma dothi linali litachepa ndi magalamu pafupifupi 60 basi. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1648, iye atamwalira kale. Anaganiza kuti thupi lonse la mtengo linachokera m'madzi. Apa anaphonya, chifukwa gawo lalikulu la nkhuni youma limachokera mumpweya umene masamba amakoka. Koma njira yake inali yolondola: yeza usanayambe, yezanso utamaliza, ufunse kumene chowonjezeracho chachokera. Ndi munthu yemweyu amene anapeka mawu akuti gás, powatenga ku mawu a Chigiriki akuti chaos. Mawu amene lero timawalemba pa bolodi ngati anagwa kumwamba anachita kupekedwa ndi munthu amene anasowa dzina la chimene ankaona.

Mu 1661 Robert Boyle anasindikiza buku lotchedwa The Sceptical Chymist, lotsutsa zoti zinthu zinayi zija ndizo maziko a zonse. Koma amene anamaliza ntchitoyi ndi Antoine Lavoisier wa ku Paris. Iye ankatenthetsa zinthu m'mabotolo otsekeratu, kuti pasalowe kapena kutuluka kanthu, n'kumayeza kulemera kwake. Anapeza kuti kulemera kwa zonse pamodzi sikusintha. Chitsulo chikachita dzimbiri chimalemera kuposa kale chifukwa chatenga kanthu mumpweya. Kanthu kameneka ndi mpweya umene Carl Scheele ndi Joseph Priestley anali ataupeza kale, Priestley mu 1774, ndipo Lavoisier ndiye anaupatsa dzina lija timati oxigénio. M'zaka za 1783 mpaka 1785 anasonyeza kuti madzi amapangika mipweya iwiri ikalumikizana, ndiponso kuti angathe kugawidwa kubwerera ku mipweya iwiriyo. Madzi a Aristóteles anasiya kukhala maziko.

Lavoisier ananena momveka kuti elemento ndi chinthu chimene sitinathe kuchigawa kuti chipereke zinthu zina zosiyana nacho. M'buku lake la 1789 analemba mndandanda wa zinthu 33 zoterozo. Munali chitsulo, mkuwa, golide, mtovu, sulufule ndi carbono. Munalinso kuwala ndi kutentha, zimene lero tikudziwa kuti si zinthu za mtundu umenewo. Mkazi wake, Marie-Anne Paulze, ndiye ankajambula zida za m'bukulo, kulemba zotsatira za zoyesazo ndi kumumasulira zolemba za Chingelezi. Lavoisier anaphedwa podulidwa mutu pa 8 May 1794, nthawi ya kuukira boma kwa Afalansa, chifukwa anali m'gulu la okhometsa misonkho a mfumu.

Pali gawo lina la ntchito yake limene limatikhudza ife ophunzitsa m'zilankhulo ziwiri. Mu 1787 iye ndi anzake atatu, Guyton de Morveau, Berthollet ndi Fourcroy, anakonza mayina atsopano a zinthu, chifukwa akale anali osokoneza. Anawaumba kuchokera ku Chigiriki: hidrogénio ndi wobala madzi, oxigénio ndi wobala asidi. Dzina lachiwirili linachokera pa ganizo lolakwika loti asidi aliyense ali ndi oxigénio, koma linakhazikika mpaka lero. Chipwitikizi nachonso chinalibe mawu amenewa. Vicente Coelho de Seabra, wobadwira ku Brasil, amene anaphunzira ndi kuphunzitsa ku Coimbra, anasindikiza buku mu 1801 losonyeza m'mene mayinawa angalembedwere m'Chipwitikizi. Choncho munthu akakuuzani kuti chilankhulo chathu chilibe mawu a sayansi, muuzeni kuti átomo ndi Chigiriki, ndipo oxigénio analowa m'Chipwitikizi zaka zongopitirira 200 zapitazo. Ifenso tikanena kuti atomu, tikubwereka pachitsime chomwecho.

Amene anabwezeretsa atomu ya Demócrito, koma tsopano ndi manambala, anali mphunzitsi mnzathu. John Dalton anabadwa mu 1766 m'mudzi wa Eaglesfield, mwana wa woomba nsalu, ndipo anayamba kuphunzitsa ana a m'mudzimo ali ndi zaka 12. Atasamukira ku Manchester anapitiriza kukhalira moyo pa kuphunzitsa. Anaona kuti zinthu zikamalumikizana zimatero ndi miyeso yosasintha. Madzi a m'chitsime ndi madzi a mvula onse ali ndi oxigénio wolemera pafupifupi ka 8 kuposa hidrogénio. Dalton anafunsa chifukwa chake muyesowo susintha, ndipo anayankha kuti elemento iliyonse ili ndi maatomu akeake, olemera mwa mtundu wawo, amene amalumikizana mowerengeka ngati njerwa zathunthu. Mu 1803 analemba mndandanda wa kulemera kwa maatomu, ndipo mu 1808 anatulutsa buku lake. Pofotokozera anthu ankagwiritsa ntchito timipira ta mtengo tolumikizidwa ndi timitengo. Nayenso anaphonya: ankaganiza kuti m'madzi atomu imodzi ya hidrogénio imagwirana ndi imodzi ya oxigénio, pamene za hidrogénio ndi ziwiri.

Chisokonezo cha kulemera kwa maatomu chinatenga zaka pafupifupi 50. Amene anachithetsa ndi mphunzitsi winanso, Stanislao Cannizzaro wophunzitsa ku Genova, amene mu 1858 analemba kabuku kofotokoza m'mene ankaphunzitsira ophunzira ake, potsata ganizo limene Amedeo Avogadro anapereka mu 1811. Kabukuko kanagawidwa pa msonkhano wa akatswiri ku Karlsruhe mu 1860. Pamsonkhanowo panali mnyamata wa ku Russia, Dmitri Mendeleev.

Zaka zingapo pambuyo pake Mendeleev ankalemba buku la ophunzira ake ku St Petersburg, ndipo anakumana ndi vuto limene mphunzitsi aliyense amalidziwa: ndiyambe ndi chiti, chitsatire chiti? Panthawiyo maelemento odziwika anali 63. Atawandandalika motsata kulemera, anaona kuti makhalidwe awo akubwerezabwereza ngati masiku a sabata. Mu 1869 anatulutsa tebulo lake. Pamene panalibe elemento yoyenera anasiya mpata, n'kunena kuti ilipo koma sinapezeke, ndipo anafotokozeratu m'mene idzakhalire. Gálio anapezeka mu 1875, escândio mu 1879, germânio mu 1886, zonse mogwirizana ndi zimene ananena. Tabela periódica imene ana athu amakaiopa ku secundária inabadwa chifukwa mphunzitsi ankafuna kusanja bwino phunziro lake. Lero ili ndi maelemento 118, ndipo anayi otsiriza anapatsidwa mayina mu 2016.

Ngakhale zinali choncho, akatswiri ena otchuka monga Ernst Mach ndi Wilhelm Ostwald anafika mpaka chaka cha 1900 akukayika ngati maatomu alikodi. Umboni unachokera ku chinthu chimene Robert Brown anaona pa microscópio mu 1827: tinthu tating'ono tochokera mu mungu wa maluwa tikunjenjemera m'madzi osaleka. Mu 1905 Albert Einstein anafotokoza ndi masamu kuti tikugundidwa mbali zonse ndi tizidutswa ta madzi tosaoneka, ndipo kuyambira 1908 Jean Perrin anayeza n'kupeza kuti masamuwo ndi oona. Ostwald anavomera. Chodabwitsa n'chakuti panthawiyo chosaduleka chija chinali chitayamba kale kuduka. J. J. Thomson anapeza electrão mu 1897, Ernest Rutherford anasonyeza mu 1911 kuti pakati pa atomu pali kachimake kakang'ono kolemera, ndipo James Chadwick anapeza neutrão mu 1932. Dzina linatsala, tanthauzo lake loyamba linatha.

Tawerengani zakazo. Kuchokera kwa Demócrito kufika kwa Perrin ndi zaka zoposa 2300. Anthu anayamba ndi funso, kenako anagwira zinthu ndi kuziyeza, anaphonya kambirimbiri, ndipo mayina ndi matanthauzo anabwera kumapeto. Ife m'kalasi timayambira kumapetoko. Timapereka tanthauzo m'mphindi zisanu, m'chilankhulo chimene mwana akuchiphunzira kumene, ndiye timadabwa akatikwezera kope. Química yeniyeni akaipeza ku secundária, koma mwana amene wachoka ku primária akukhulupirira kuti shuga wosungunuka watha, kapena kuti botolo lopanda madzi mulibe kanthu, adzaloweza zilembo za tebulo popanda pozikoleka.

Pali munthu mmodzi m'mbiriyi amene anazindikira zimenezi. Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo amene anayamba ntchito yomata mabuku ali mnyamata, ankaphunzitsa ana ku London pa nyengo ya Khirisimasi. Mu 1848, ndiponso kumapeto kwa 1860, anapereka maphunziro 6 onse okamba za kandulo imodzi: chimene chimayaka, kumene sera imapita, chifukwa chake moto umazima ukavundikiridwa. Ndinatengera pamenepo, ndipo zimene ndimachita tsopano ndi izi.

Ndimabwereka sikelo kwa mayi wina wogulitsa pamsika. Ana amayeza kapu ya madzi payokha, shuga payekha, n'kuphatikiza manambala. Amatakasa, amayezanso. Nambala sisintha. Iyi ndi ntchito ya Lavoisier, ndipo ana a zaka 10 amaigwira okha. Tsiku lina timasungunula mchere m'madzi pang'ono, timathira m'mbale ya chitsulo n'kuiyanika padzuwa. Madzi akauma mchere umaoneka woyera pansi pa mbale, ndipo palibenso wonena kuti unatha.

Pa nkhani ya mpweya timaviika botolo lopanda kanthu m'ndowa, kukamwa kwake kuli pansi. Madzi salowa. Tikalipendeketsa, thovu limatuluka ndipo madzi amalowa. Ndimafunsa kuti chimatchinga madzi n'chiyani, ndipo apa ndi pamene mawu aja akuti ocupa lugar amayamba kumveka. Ndimafunsanso chifukwa chake kapenta akamakazingidwa kunyumba yoyandikana, fungo limatipeza ife tili m'kalasi. Ana amafika okha pa yankho loti pali tinthu tikuyenda.

Pa nkhani ya elemento ndimawotcha shuga pang'ono pa supuni yakale mpaka ade bii. Chakudacho ndi carbono, yemwe uja ali m'makala a kukhitchini, m'malasha a ku Moatize ndi m'kamtima ka pensulo, kamene ndi grafite ngati wokumbidwa ku Balama. Apa ndimasamala kuti ndisawasokoneze. Tizidutswa tija mtsikana ananena si maatomu paokha, ndi timagulu ta maatomu a carbono, hidrogénio ndi oxigénio ogwirana, timene timatchedwa molécula. Madzi amangomwaza timaguluto, pamene moto umatiphwasula. Za kukula kwake ndimawauza kuti pa kampata ka milimita imodzi pa rula pangandandalike maatomu mamiliyoni angapo.

Chitsanzo chimene makolo amachikonda ndi chidulo. Amayi akadontheza madzi m'phulusa kuti aphikire therere, madziwo amatenga mchere wina wa m'phulusamo. Azungu nawonso ankachita zimenezi, n'kuumitsa madziwo m'miphika, ndipo chotsalacho Angelezi ankachitcha potash, kutanthauza phulusa la mumphika. Mu 1807 Humphry Davy anadutsitsa magetsi mu potash n'kutulutsa elemento yatsopano, imene dzina lake lakuti potássio linachokera pomwepo. Chilembo chake pa tebulo ndi K, kuchokera ku kalium, mawu amene gwero lake ndi Chiarabu chonena za phulusa la zomera. Ndi K yemweyo ali pa thumba la fetereza wa NPK. Mwana akadziwa kuti agogo ake amatulutsa mchere wa potássio m'phulusa, tebulo lija silimuopsanso kwambiri.

Chilankhulo chathu chili ndi misampha yake imene tiyenera kuidziwa. Mawu akuti kusungunuka timawanena pa kandulo imene yatentha ndiponso pa mchere umene uli m'madzi, pamene Chipwitikizi chimasiyanitsa fusão ndi dissolução. M'kalasi mwanga timati kusungunuka ndi moto ndi kusungunuka m'madzi, ndipo timachita zonse ziwiri tsiku limodzi. Mawu akuti chitsulo timawanena pa ferro komanso pa metal aliyense, choncho ndimabweretsa msomali, waya wa mkuwa ndi poto wa aluminiyamu, ana n'kuyesa ndi maginito kuti aone chimene chikukokedwa. Mawu akuti mpweya amanyamula ar, gás ndi kupuma komwe. Chipwitikizi nachonso chili ndi msampha wake, uja wa matéria. Ana akagwira chinthu n'kuchikambirana m'chilankhulo cha kwawo, dzina la Chipwitikizi limapeza pokhala, ndipo pa mayeso amalikumbukira.

Makolo, zambiri mwa izi sizifuna sukulu. Mukamatakasa tiyi, mufunseni mwana kumene shuga wapita. Khasu likachita dzimbiri, mufunseni kumene dzimbirilo lachokera. Akaphonya musamudzudzule, chifukwa Van Helmont, Lavoisier ndi Dalton onse anaphonya, ndipo ena anakonza poyezanso. Mufunseni kuti tingadziwe bwanji ngati akunena zoona.

Aphunzitsi anzanga a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Lago ndi kwina konse, yesani phunziro la sikelo sabata ino. Mundiuze zimene ana anu ayankhe musanawauze kanthu, ndiponso mawu amene mumagwiritsa ntchito kwanuko posiyanitsa kusungunuka kuwiri kuja.